Eriyo Yotchera Khutu Osatembenuka: Mafunso ndi Mayankho

Ku Malowera, m'boma la Marávia kufupi ndi malire a Zambia, wailesi ikayamba kumveka mwapatalipatali mankhwala ake ndi odziwika. Wina amatuluka panja, n'kugwira nsungwi imene pamangidwa eriyo, n'kumaipotoza pang'onopang'ono mpaka wa m'nyumba akuwe kuti, "Basi, pomwepo!" Koma kuyambira 2023, pamene intaneti ya Starlink inayamba kugwira ntchito ku Mozambique, m'dziko muno mwalowa eriyo ya mtundu wina, yafulati, imene imatsatira setilaiti yothamanga kumwamba popanda kuzungulira nayo. Achinyamata okonda kumasula mawailesi akufunsa ngati munthu angapange yotere pakhomo. Angathe, yaing'ono. Vuto lalikulu silili pamene ambiri amaliyembekezera.

Eriyo ingalunjike bwanji mbali ina popanda munthu kuipotoza?

Imodzi yokha singathe. Pamafunika maeriyo angapo oyalidwa pamzere kapena mozungulira, ndipo zimene iliyonse yamva zimaphatikizidwa pamodzi. Gulu lotere limatchedwa phased array, ndipo ntchito yosankha mbali yomvera imatchedwa beamforming.

Tiyerekeze maeriyo anayi pamzere wochoka kumadzulo kupita kum'mawa. Funde la wailesi likachokera kumpoto kwenikweni, limawafika onse nthawi imodzi. Mukaphatikiza, nsonga ya funde imakumana ndi nsonga inzake, mphamvu n'kuchuluka. Likachokera kumpoto chakum'mawa, limayamba kugunda eriyo ya kum'mawa, n'kumalizira ya kumadzulo. Mukaphatikiza mmene zililimu, nsonga ya funde pa eriyo ina imagwera m'dzenje la funde lomwelo pa inzake, ndipo zimafafanizana. Koma mukachedwetsa dala zimene yamva ya kum'mawa kuti idikire zinzake, iliyonse ndi muyeso wake, zonse zimagwirizananso. Apo gulu lonse latchera khutu kumpoto chakum'mawa, ndipo za kumpoto kwenikweni ndi zimene zayamba kuzimirira. Mukasintha kuchedwetsako, khutu limasunthira kwina, nsungwi ili chiimire.

Mutu wanu umadalira chinthu chomwechi. Ng'oma ikalira usiku kudambwe chakumanja kwanu, mawu ake amafika kukhutu lamanja asanafike kulamanzere. Kusiyana kwake sikupitirira 0.7 ya milisekondi, koma ubongo umakugwira, n'kukuuzani kumene kuli gule.

Kuchedwa kwake n'kochuluka bwanji?

N'kochepa modabwitsa. Mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kutanthauza masentimita 30 pa nanosekondi imodzi. Nanosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi.

Titenge wailesi ya FM ya pa 100 MHz. Utali wa funde mumaupeza pogawa 300 ndi nambala ya MHz, ndiye apa ndi mamita 3. Maeriyo amaikidwa motalikirana theka la utaliwo, mamita 1.5. Ngati wailesiyo ili pa madigiri 30 kuchoka kutsogolo kwa mzere, mtunda wowonjezera umene funde limayenda kuti lifike pa eriyo yotsatira ndi 1.5 kuchulukitsa ndi sine ya 30, amene ndi masentimita 75. Imeneyo ndi nanosekondi 2.5. Choncho eriyo yoyamba kugundidwa muichedwetsa ndi 7.5, yachiwiri ndi 5, yachitatu ndi 2.5, yomaliza osaikhudza. Masamu ake ndi a kusekondale basi.

Theka la funde lija musalione ngati mwambo wamba. Mukatalikitsa maeriyo kwambiri, pamatuluka makutu ena amene simunawafune, omvera mbali zina ndi mphamvu yofanana, ndipo simudziwanso kumene mawu akuchokera.

Nanga bwanji ena amalankhula za phase, ena za kuchedwetsa nthawi? Si chinthu chimodzi?

Ayi. Kuchedwetsa nthawi ndiye chenicheni, phase ndi njira yachidule.

Funde limangobwerezabwereza. Pa 100 MHz, kuzungulira kumodzi kumatenga nanosekondi 10, ndiye nanosekondi 2.5 ndi kota ya kuzungulirako, madigiri 90. M'malo mosunga funde kuti lidikire, mutha kungolipotoza ndi madigiri 90, ndipo zotsatira zake zimaoneka zofanana. Mu kompyuta kupotozako ndi kuchulukitsa ndi nambala imodzi yokha. N'chifukwa chake aliyense amaikonda njirayi.

Msampha wake ndi uwu: madigiri 90 amafanana ndi nanosekondi 2.5 pa 100 MHz pokha. Pa 88 MHz, madigiri 90 omwewo ndi nanosekondi 2.84, ndipo pa 108 MHz ndi 2.31. Ndiye khutu limene munalilozetsa pa madigiri 30 limapezeka lili pafupifupi pa 35 kumunsi kwa FM, ndi pa 28 kumtunda kwake. Mukalilozetsa pambali kwambiri, pa madigiri 60, zimanyanya: pa 88 MHz lili pafupifupi pa 80, pa 108 MHz lili pa 53. Akatswiri amati beam squint. Kuchedwetsa nthawi kulibe matenda amenewa, chifukwa mtunda wa masentimita 75 ndi womwewo kaya funde ndi lalitali kaya lalifupi.

Ndiye ine wongopanga pakhomo ndifunika iti?

Nthawi zambiri phase ikukwanirani, ndipo amene akukuumirizani kuyamba ndi zovutazo akukutayitsani nthawi. Pali kachiyeso kosavuta. Tengani nthawi yaitali imene funde lingatenge kudutsa gulu lonse la maeriyo anu, muchulukitse ndi kukula kwa gawo la frequency limene mukumvera nthawi imodzi. Yankho likakhala lochepa kwambiri poyerekeza ndi 1, iwalani za beam squint.

Mzere wathu uja ndi wa mamita 4.5, ndiye funde silingatenge nanosekondi zopitirira 15. Wailesi imodzi ya FM imadya malo okwana pafupifupi 200 kHz. Kuchulukitsa ziwirizi kumapereka 0.003. Ngakhale mutameza 2.4 MHz yonse imene kachipangizo ka RTL-SDR kamatha kugwira, mupeza 0.036. Palibe chochititsa mantha. Mukafuna wailesi ina, mungowerengeranso phase yake, ndipo kompyuta imachita zimenezo musanaphethire.

Zimasintha maeriyo akamwazikana. Mukawatalikitsa mamita 300, monga kuchokera kusukulu kukafika kumsika, funde limatenga maikulosekondi imodzi yathunthu, ndipo yankho lija limakhala 2.4. Pamenepo phase yokha siigwira ntchito. Chimodzimodzinso mukamamvera gawo lalikulu, la ma MHz makumi angapo nthawi imodzi, monga amachitira ofufuza za nyenyezi.

Kompyuta imachedwetsa bwanji chinthu ndi nanosekondi 2.5?

Chipangizo cha SDR, wailesi yolumikiza ku kompyuta monga RTL-SDR ija, chimayesa funde mobwerezabwereza n'kutumiza manambala ku kompyuta. Nambala iliyonse ndi sampulo. Kuchedwetsa ndi sampulo yathunthu n'kosavuta: mungosuntha mndandanda wa manambalawo ndi malo amodzi. Koma pa masampulo 2.4 miliyoni pa sekondi, sampulo imodzi ndi nanosekondi 417, mtunda wa mamita 125. Nanosekondi 2.5 zathu zija sizikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a sampulo.

Ndiye pamafunika kuwerengera nambala imene ikanakhala pakati pa masampulo awiri, poyang'ana oyandikana nayo. Ena amagwiritsa ntchito fyuluta ya FIR yokonzedwera ntchitoyi, ena ya mtundu wa Farrow imene imalola kusintha kuchedwako makina ali m'kati mogwira ntchito. Njira imene ndimaiona yomveka kwa woyamba ndi ya FFT. Mumagawa fundelo m'tizigawo ta frequency, kachigawo kalikonse n'kukapotoza ndi phase yakeyake, yokula molingana ndi frequency yake, kenako n'kuphatikizanso. Phase yokwera mwadongosolo chonchi ndi kuchedwetsa nthawi kwenikweni. Zonsezi zimatheka mu GNU Radio kapena ndi mizere yochepa ya Python, ndipo mapulogalamu onsewa ndi aulere.

Pali pamene ambiri amapunthwa. Chipangizo chanu chisanayese funde, chimayamba chalitsitsa kuchoka pa 100 MHz kufika pafupi ndi ziro. Mukangochedwetsa manambala otsitsidwawo, palibe chimene chichitike, chifukwa madigiri 90 aja ndi a funde loyambalo, la pa 100 MHz. Muyenera kuchita zonse ziwiri: kuchedwetsa manambala, ndi kuwapotoza ndi phase yowerengeredwa pa frequency yeniyeni ya mumlengalenga. Wochita choyamba chokha amatha sabata akufufuza chimene chalakwika m'mawaya, pomwe mawaya alibe mlandu.

Ndingogula ma RTL-SDR anayi n'kuwalumikiza ku kompyuta?

Apa ndi pamene pagona nkhani. RTL-SDR ndi kachipangizo kolowetsa pa USB, kokhala ndi chip ya RTL2832U, kamene kanapangidwira kuonera TV. Cha m'ma 2012 anthu anatulukira kuti kangasandutsidwe wailesi yomvera pafupifupi chilichonse, ndipo n'kotsika mtengo. Koma kalikonse kali ndi wotchi yake m'kati, ya 28.8 MHz, ndipo palibe mawotchi awiri oyenda mofanana ndendende. Awiri akasiyana ndi gawo limodzi lokha mwa magawo miliyoni, pa 100 MHz kusiyanako ndi 100 Hz. Phase ya pakati pa maeriyo awiriwo izizungulira ka 100 pa sekondi iliyonse. Madigiri 90 amene munawerengera mosamala aja alibenso tanthauzo.

Choncho zipangizo zonse ziyenera kudya wotchi imodzi. Odziwa kuwotcherera amachotsa mawotchi a zinazo n'kuzilumikiza ku imodzi. Ngakhale mutatero simunamalize. Chipangizo chilichonse chimayamba kutumiza manambala pa USB nthawi yakeyake, mwina kusiyana ndi masampulo ambirimbiri, ndipo mukasintha frequency chilichonse chimadzuka ndi phase yake yosadziwika. Mankhwala ake ndi kuzimvetsera zonse phokoso limodzi lochokera pa kachipangizo kamodzi, n'kuyerekeza mindandanda kuti muone wina watsalira ndi zingati, n'kukonza. Kuchedwetsa nthawi kumene munthu wa pakhomo amalimbana nako tsiku ndi tsiku ndi kumeneku, kokonza zipangizo zake zomwe, osati kolozetsa khutu.

KrakenSDR inapangidwa kuti ichotse mutu umenewu. Ili ndi zomvera zisanu m'bokosi limodzi, wotchi imodzi, ndi chopangira phokoso chimene chimadziyatsa chokha nthawi yoyesa ikakwana. Mtengo wake ndi wa madola mazana angapo, kuwonjezerapo kakompyuta ka Raspberry Pi koyendetsera. Ziwirizi zimayendera mavoti 5, ndiye sola yaing'ono ndi batire zimakwanitsa. Zimenezo n'zofunika kuno, pakuti ngakhale damu la Cahora Bassa, lotha kupanga 2,075 MW, lili chakumwera kwa boma la Marávia lomweli, magetsi ake ambiri amayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku Apollo ku South Africa, ndipo m'midzi yambiri foni imatchajidwa pa sola.

Zingwe nazo zili ndi vuto?

Lalikulu. M'chingwe cha RG-58 funde limayenda pa 66 peresenti ya liwiro lake la mumlengalenga, pafupifupi nanosekondi 5 pa mita. Chingwe chimodzi chikatalika ndi masentimita 10 kuposa zinzake, pa 100 MHz mwalakwitsa ndi madigiri 18. Pa 900 MHz, masentimita 10 omwewo ndi madigiri oposa 160, ndipo eriyo imeneyo yayamba kufafaniza zinzake m'malo mozithandiza. Dulani zingwe zonse pa mpukutu umodzi, muyese ndi tepi kawiri, ndipo musasakanize RG-58 ndi RG-6 ya pa dishi ya TV, chifukwa liwiro lake ndi losiyana. Chingwe chogona padzuwa la mu Okutobala sichichitanso chimodzimodzi ndi chimene chili pamthunzi.

Denga la malata ndi mdani wina. Limabweza mafunde, eriyo n'kumva wailesi imodzi kuchokera mbali ziwiri. Pabwalo la mpira pamapereka zotsatira zabwino kuposa pamwamba pa golosale.

Pambuyo pa zonsezi, phindu lake n'chiyani?

Ngati cholinga ndi kungomva bwino wailesi imodzi yakutali, musavutike. Maeriyo anayi amakweza mawu pamwamba pa phokoso kanayi, 6 dB, ndipo khutu lake limatambalala pafupifupi madigiri 26. Eriyo ya Yagi, imene inatulukira ku Japan mu 1926, yopangidwa bwino ndi timapaipi ta aluminiyamu tisanu kapena tisanu n'kamodzi, imafika pa mphamvu yomweyo ndi ndalama zochepa kwambiri. Nsungwi ija ikadali ndi ntchito.

Phased array ya digito imapambana pa zinthu zimene Yagi singachite. Popeza zimene eriyo iliyonse yamva zasungidwa ngati manambala, mutha kutchera khutu mbali zingapo nthawi imodzi, kapena kujambula lero n'kudzasankha mbali mawa. Mutha kudziwa kumene funde likuchokera. Ndipo mutha kugontha dala mbali imodzi: ndi maeriyo anayi mungatseke mpaka mbali zitatu. M'malire muno, mmene mafunde a mayiko awiri amalowerana osafunsa chiphaso, wailesi yamphamvu ikamapondereza yofooka yoyandikana nayo pa frequency, kugonthera yamphamvuyo kumathandiza kuposa kukweza yofookayo.

Dziwaninso kuti mzere wowongoka susiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Ofufuza kumene funde likuchokera amakonda kuika maeriyo mozungulira pa chifukwa chimenechi.

Ingandithandize kugwira netiweki ya foni?

Ayi. Foni siimangomva, imayankhanso, pomwe RTL-SDR ndi KrakenSDR zimangomva. Kaya muli pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel, chothandiza ndi rauta yolowa simu khadi yokhala ndi eriyo yakunja, yokwezedwa pamtengo wautali ndi kulozetsedwa kunsanja.

Starlink ija ndi nkhani ina. Masetilaiti ake ambiri ali pamtunda wa makilomita mazana angapo ndipo amathamanga makilomita pafupifupi 27,000 pa ola, ndiye eriyo iyenera kudumpha kuchoka pa imodzi kupita pa inzake mosadukiza. Mafunde ake otsika pansi ndi a pakati pa 10.7 ndi 12.7 GHz, osakwana masentimita 3 utali, n'chifukwa chake timaeriyo toposa 1,000 tinakwana m'mbale imodzi ya dishi yake yoyamba. Imeneyo siyopangira pakhonde. Kwa wofuna kuphunzira pa mafunde afupi chonchi pali bolodi ya Analog Devices yotchedwa ADALM-PHASER, ya timaeriyo 8 pa 10 GHz.

Ndilibe ndalama za zonsezi. Ndiyambire pati?

Yambani ndi mawu, osati wailesi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye zonse zimene pa wailesi zimachitika mu nanosekondi, apa zimachitika mwapang'onopang'ono moti n'kuziona. Kompyuta yojambula masampulo 48,000 pa sekondi imapereka sampulo imodzi pa mamilimita 7 aliwonse amene mawu ayenda. Ma maikolofoni awiri otalikirana masentimita 10 amasiyana mpaka masampulo 14, ndiye kusuntha mndandanda ndi manambala athunthu kumakwanira poyamba. Akalowera polowera pamodzi pa stereo, amadya wotchi imodzi, ndipo vuto lalikulu lija lachoka lokha.

Ikani ma maikolofoni patebulo, mnzanu aombe m'manja kumanja, kenako kumanzere. Pa sikirini muona mizere iwiri yofanana, umodzi utatsogola. Werengani kuti watsogola ndi masampulo angati, mubweze masamu a sine aja, mupeza kumene waima. Komanso mawu a munthu amatambalala kuchoka cha pa 300 Hz kukafika kupitirira 3,000 Hz, kuposa kakhumi, ndiye apa njira yachidule ya phase imakanika poyera. Kusiyana kwa njira ziwirizi mumakumva ndi makutu anu.

Mukadzapeza zipangizo za wailesi, ndege ndi mphunzitsi wabwino. Zimaulutsa malo amene zili pa 1090 MHz, pamene theka la funde ndi masentimita pafupifupi 14, ndiye gulu lonse la maeriyo limakwana pathabwa limodzi. Popeza ndegeyo ikudzinenera yokha kumene ili, mumadziwa pompo ngati makina anu akunena zoona.

Zimenezi si za mayiko olemera okha?

Zinayambira kumeneko, koma sizinayambe ndi makina odula. Karl Ferdinand Braun wa ku Germany anaonetsa mu 1905 kuti maeriyo atatu angakankhire mafunde mbali imodzi. Ku Cambridge mu 1967, Jocelyn Bell anatulukira pulsar yoyamba ndi telesikopu imene iye mwini anathandiza kumanga pansi pa utsogoleri wa Antony Hewish: mitengo yozika pansi, mawaya, ndi maeriyo 2,048 omvera pa 81.5 MHz. Kulozetsa kwake kunkachitika ndi zingwe. Murchison Widefield Array ya ku Australia nayo inamangidwa mwanjira yoti maeriyo 16 aliwonse azichedwetsedwa ndi tinjira ta waya tosiyana utali, tosankhidwa ndi maswichi.

Lero ntchitoyi yasamukira m'makompyuta. Telesikopu ya SKA-Low, imene ikumangidwa ku Western Australia, idzakhala ndi maeriyo 131,072 osasuntha, omvera kuyambira 50 mpaka 350 MHz. Gawo lina la SKA lili ku Karoo ku South Africa, kumene MeerKAT ya madishi 64 inatsegulidwa mu 2018, ndipo Mozambique ndi Zambia ali m'gulu la mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi. Masamu amene mwana wa ku Malowera angaphunzire ndi ma maikolofoni awiri ndi omwewo amene amafunika kumeneko. Telesikopu zotere zimafuna malo opanda phokoso la mafunde, ndipo kwa womvera wa pakhomo nayenso kutalikirana ndi tawuni kumathandiza.

Lamulo likuti chiyani?

Kumvera mawailesi oulutsira anthu onse n'chinthu china, kuulutsa n'china. Wofuna kutumiza mafunde ake amafunika chilolezo: ku Mozambique chimachokera ku INCM, ku Zambia ku ZICTA, ku Malawi ku MACRA. Amene apatsidwa chilolezo choulutsa mongosangalala amalandira dzina lodziwikira pa wailesi, loyamba ndi C9 ku Mozambique, 9J ku Zambia ndi 7Q ku Malawi. Mauthenga a apolisi, a asilikali ndi mafoni a anthu asiyeni, ngakhale makina anu atawagwira.

Ndipo poti kuno n'kumalire, mitengo isanu yokhala ndi mawaya ndi kompyuta pabwalo singalephere kudzutsa mafunso. Musanazike mtengo woyamba, pitani kwa a mfumu ndi ku ofesi ya boma ya m'deralo mukafotokoze chimene mukuchita, ndipo mutenge makinawo mukawaonetse ndege zikuyenda pa sikirini.